Makilomita Seveni a Amalume

3 Juni

Achimwene,

Amalume a Sikelo andilakwira. Ndayamba ndi iwo ndisanapereke moni kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Kuno amayi ali bwino, bondo lija lokha. Ine ndili moyo, basi.

Envulopu yanu inafika Lachiwiri. Tikiti ya ndege ndaiona, ya pa 24 Ogasiti. Kalata ya ku koleji ya zamano ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Akuti ndikalembetse pofika pa 26 Ogasiti, ndikapanda kuoneka malo anga apereka kwa wina. Zikomo kwambiri. Zikomo ameneyu musunge bwino, chifukwa m'munsimu mulibenso wina.

Anakuuzani ndani kuti muike magazini ya m'ndege ija mu envulopu? Mumati ndizionera zithunzi za mitambo? Anayamba kuitola ndi amalume. Mukuwadziwa. Zaka makumi atatu akhala akuzungulira m'misika kuyesa masikelo a ogulitsa nyama ndi shuga, ndipo chipumireni pa ntchito alibenso choyesa koma ife. Anatsegula tsamba lakumapeto, pamene pali mndandanda wa mitunda, n'kupeza kuti kuchoka pa bwalo la ndege la kuno kukafika pa bwalo la kwanuko ndi makilomita 2,921. Kenako anatenga pepala la tikiti yanga. Pamenepo palembedwa 2,914.

Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Anaitanitsa pensulo. Anachotsera katatu.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Mwanayu amugulitsa ulendo woperewera."

Ine ndinaseka. Ndinati, "Amalume, ndege si nyama ya pa sikelo." Iwo amvekere, "Aliyense amene ndinamugwira anayamba ndi kuseka."

Maganizo awo ndi awa, ndipo khalani pansi musanawerenge. Akuti ndege iyenda 2,921, koma tikiti yanga ithera pa 2,914. Ndiye ikakwana 2,914, kondakitala wa m'ndegemo adzabwera kudzandiuza kuti mayi, panu ndi pano, monga amachitira m'basi ndi munthu amene tikiti yake yathera pa siteji ya m'njira.

Zikanakhala zoseketsa pasipoti yanga ikanakhala kwa ine. Koma mukukumbukira kuti chaka chimene denga linadontha lija mapepala onse a banja anapita m'bokosi lawo lachitsulo, momwe amasungamo miyala ya sikelo. Kiyi wake ali pa chingwe m'khosi mwawo, amasamba naye. Akuti pasipoti situluka mpaka makilomita seveni apezeke.

Ndinapita ku ofesi ya matikiti. Mayi wa pa kauntala anandiyang'ana ngati ndamufunsa kulemera kwa mwezi. Anati, "Chemwali, manambala amenewo palibe amawawerenga." Nditawauza amalume anamenya tebulo, ati, "Ndiye chifukwa chake amabera pamenepo!"

Ndiye poti inu muli ndi nthawi yotumiza magazini, bwanji osapita ku bwalo lanulo, muyende makilomita seveni kuloza kuno, mukaone pamene ndikagwere? Mundiyalirenso matiresi.

Mundiyankhe msanga.

Mchemwali wanu,
amene mumati Lumo

5 Juni

Mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mayi wa kunyumba. Ine ndili bwino. Ndikulemera makilogalamu 61, monga chaka chatha.

Mlongo wako wakulembera, ndamuona akukanikiza cholembera ngati akubaya munthu. Usatekeseke. Pakamwa pake ndi pa mayi ake aakulu, tinapazolowera.

Nkhani ili chonchi. Pa zaka zonse za ntchito yanga sindinaonepo nambala ikusowa yokha. Ikasowa, pali amene waitenga. Wogulitsa nyama wina anamata chingamu kunsi kwa mbale ya sikelo. Magalamu asanu ndi awiri okha pa kilogalamu. Anthu ankati a Sikelo mukuvutikiranji ndi kanthu kakang'ono. Pamene chaka chimatha, munthu uja anali atadya ng'ombe yathunthu ya anthu osauka. Kanthu kakang'ono kulibe.

Mapepala awiriwa achokera ku kampani imodzi. Limodzi likuti 2,921, lina 2,914. Kampani imene sidziwa kutalika kwa njira yake, kodi idziwa potera? Mwanayu tsiku limene anabwera kuchokera kuchipatala ndinamuika ndekha pa sikelo ya ntchito, anali makilogalamu atatu ndi magalamu mazana awiri. Sindingamupereke kwa anthu amene manambala awo sagwirizana. Koleji ndikuifuna, ndine amene ndinamuperekeza kokalemba mayeso. Koma ndikufuna akafike yense.

Ndaonanso kuti popita akuti ndege iyenda maola anayi ndi mphindi khumi, pobwera maola atatu ndi mphindi 35. Njira yomweyo. Imeneyo ndaisunga kaye, tiyambe tathana ndi yoyambayi.

Ufufuze kumeneko, undiuze zimene waona ndi maso ako, osati zimene wauzidwa. Unditumizirenso tepi yoyezera yachitsulo ya mamita makumi asanu. Yanga yafufutika manambala oyambirira.

Malume wako

21 Juni

Lumo, ndi nonse kunyumba,

Moni. Ife kuno tili bwino, ntchito ku fakitale ya mabotolo ikuyenda. Alamu ako akuti akukonzera kachipinda kakuseri, aikamo kale makatani. Bondo la amayi lili bwanji?

Makalata awiri ndalandira tsiku limodzi, yako ndi ya amalume. Ndaona kuti pa mfundo imodzi mwagwirizana, yoti ndipite ndikaone. Ndiye ndachita monga unandipempha.

Lamlungu ndinabwereka njinga ya mnzanga wa kuntchito, ili ndi kawotchi kowerenga makilomita. Ndinafika pa geti la bwalo la ndege n'kufunsa mlonda kuti ndege zochokera kwathu zimatulukira mbali iti. Analoza ndi ndodo yake. Ndinaika kawotchi pa ziro n'kuyamba kupalasa kuloza komweko. Msewu wa phula unathera pa makilomita anayi. Kuchoka pamenepo ndinadutsa m'munda wa munthu, pena kukwera pena kunyamula njinga, chifukwa ndinati ndege sikhota ndiye inenso ndisakhote.

Pa seveni ndendende pali khola la nkhumba. Si kakhola ayi, ndi khola lenileni, mwini wake akuti zilimo mazana anayi. Kumanzere kuli dziwe limene amataya madzi otsukira kholalo. Limenelo ulipewe. Kumanja kuli mulu wa utuchi wautali kuposa ine. Ndinakwera pa mpanda n'kudumphira pa utuchipo kuti ndione, ndi pofewa ndithu, chigongono chokha ndi chimene chinasupuka.

Mwini khola ndi munthu wabwino. Poyamba ankati ndabwera kudzaba, koma nditamufotokozera anati chikhalireni pamenepo sanagwepo munthu, koma ukagwa iweyo akusunga ndipo akupatsa tiyi mpaka ndifike. Za matiresi ndinafunsa. Akuti nkhumba zingadye.

Ndajambula mapu, ndaika mu envulopu yomweyi. Bwalo la ndege ndi bokosilo, muvi ndi njira ya ndege, pamene ndaika X ndi pa utuchi. Uwaloweze pamtima.

Amalume, tepi ndikufunafuna, m'sitolo ya pafupi ali ndi za mamita asanu zokha.

Ine wanu,
Mchimwene wako

9 Julayi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikuyankhula, akulemba ndi mlongo wako, ndiye ukaona mawu oipa dziwa kuti si anga. Uli bwanji? Ukudya? Apongozi anga ali bwanji?

Kalata yako anatiwerengera malume ako pakhonde. Atafika pa nkhumba ine ndinawaimitsa. Mazana anayi! Mwana wanga, ufunse bwinobwino, kodi zimaluma? Nanga bambo wa kholayo ndi wokwatira? (Achimwene, ndine Lumo. Ine ndimanyoza. Munthu akamati mundiyalire matiresi amakhala akunyoza. Munakulira nyumba iti inu?)

Ine sindikudziwa za manambala. Koma malume ako sananamepo, ndipo iwenso wapita waona ndi maso kuti malowo alipodi. Ndiye takhala pansi tagwirizana kuti tisangokhala, tikonzeke.

M'mawa uliwonse mlongo wako akuyenda makilomita asanu ndi awiri ndi sutikesi, kuti tsikulo likadzafika asadzavutike kukafika ku bwalo. Malume ako aikamo miyala ya sikelo kuti ikwane makilogalamu 23 monga zalembedwera pa tikiti. Iwo amatsatira pambuyo ndi wotchi. Tsiku loyamba anatha maola awiri ndi theka, pano watsitsa. (Ati ndikakana, bokosi salitsegula ngakhale seveniyo atapezeka. Anthu a mu msewu muno akuti amayi amandithamangitsa m'mawa uliwonse n'kundikhululukira masana. Mayi wa pa saluni anandiitana n'kundiuza kuti mwamuna wotere ndingomusiya. Mwamuna wake uti?)

Ndagulanso ambulera yaikulu, ija amaika ogulitsa zinthu pamsewu. Ndasokerera nsalu ina m'mphepete kuti ikule. Malume ako anaiyesa pogwetsa thumba la mchenga kuchoka padenga. Thumba linaphulika, koma akuti linachedwako kufika pansi. (Silinachedwe.)

Malume ako alembera kalata a kampani ya ndege, kawiri. Sanayankhe. Akuti wosalakwa amayankha msanga.

Unditumizire majombo a mphira, saizi sikisi, oti akavale m'ndegemo chifukwa cha dziwe lija. Ndi mafuta opaka pa bondo aja, akale atha.

Usaleke kupemphera. Ndatha ine mayi ako.

(Ndipo ine ndikulemberani yanga payokha. Imeneyo muwerenge kawiri, muli nokha, alamu akuthandizeni povuta.)

10 Julayi

Achimwene,

Moni. Chigongono chapola? Chisapole msanga.

Tamverani. Kwatsala masabata sikisi. Amalume simungawagonjetse ndi nzeru, ndayesa. Ndinabwera ndi aphunzitsi anga akale a jogalafe, anakhala maola atatu akufotokoza kuti dziko ndi lozungulira ndipo mtunda umatengera poyambira kuyeza. Pochoka anali atagwirizana ndi amalume, mpaka anafunsa ngati ambulera ija tingawabwereke mwana wawo akamadzapita. Munthu wa manambala amafuna nambala. Ndiye timupatsa.

M'magazini yanu yatsoka ija muli chithunzi cha msewu umene ndege imathamangapo isanauluke. Ndi wautali. Ndiye nkhani yathu ikhala iyi: a magazini amawerengera ndi pamene ndege yathamanga pansi, kuno ndi uko, pamene a tikiti amawerenga za m'mwamba zokha, chifukwa munthu salipira kuthamanga. Msewu wa kwanuko ndi makilomita atatu ndi theka. Wa kuno ndi atatu ndi theka. Kuphatikiza, seveni. Nkhani yatha, bokosi latseguka.

Mulembere amalume kuti mwayeza msewu wa kwanuko n'kupeza atatu ndi theka, ndiponso kuti mkulu wina wa pa bwalopo wakuuzani kuti wa kuno ndi chimodzimodzi.

Musayeze. Ndikubwereza, chifukwa ndakudziwani tsopano: musabwereke njinga, musafunse mlonda, musadumphire pa chilichonse. Mukhale pa tebulo, mutenge cholembera, muname. Anthu amanama tsiku ndi tsiku ndipo safa. Mukakanika, alamu alembe, inu mungosaina.

Izi sindikunyoza. Ndalemba mzere kunsi kuti musasokoneze.

Lumo

29 Julayi

Amalume,

Moni, ndikhulupirira muli bwino. Ife tili bwino.

Ndayeza msewu umene ndege imathamangapo kuno. Ndi makilomita atatu ndi theka. Ndinayeza ndithu. Linali tsiku Lachitatu, kunali dzuwa. Mkulu wina wa pa bwalopo, wamtali, wovala tayi, anandiuza kuti wa kwanuko ndi atatu ndi thekanso. Anatinso a magazini amawerengera za pansi, a tikiti amawerenga za m'mwamba zokha. Ndiye atatu ndi theka kuphatikiza atatu ndi theka ndi asanu ndi awiri. Ndiye palibe amene waba. Ndiye Lumo atha kubwera.

Tepi ya mamita makumi asanu ndaipeza, ili m'phukusi limodzi ndi majombo ndi mafuta a amayi.

Mphwanu

(Kapepala aka n'ka Lumo yekha. Ndalemba monga unanenera. Ndinang'amba mapepala anayi. Tayi uja ndawonjezera ndekha kuti zimveke zoona. Sindinawanamizepo amalume chibadwire. Ukafika udzandiuze kuti tinachita bwino.)

16 Ogasiti

Achimwene,

Moni wa chimwemwe, kamodzi kokha, musazolowere. Alamu ali bwanji? Auzeni makatani awachape, ndikubwera.

Zatheka! Amalume anawerenga kalata yanu kawiri, anatenga pensulo, anaphatikiza. Kenako anavula chingwe m'khosi n'kutsegula bokosi. Pasipoti ndaiona ndi maso angawa, ikununkha chitsulo. Sanandipatse m'manja, aiika m'thumba la m'kati la jekete lawo, ati adzandipatsa okha pa khomo la bwalo la ndege monga kholo. Ndawasiya, asangalale nazo. Ananenanso kuti, "Theka la uko lili ndi mboni." Ndinati eya amalume, mboni ya tayi.

Kuyenda ndi sutikesi kwatha. Miyala yabwerera m'bokosi, m'sutikesi mwalowa zovala. Amayi akuumirirabe za ambulera, ndawauza kuti ndidzaitenga, ndikaiiwala dala m'basi.

Tepi aikonda kwambiri. Akungoipaka mafuta n'kumasema tizikhomo pakhonde, kaya n'ta chiyani. Bola ali ndi chochita.

Ndege inyamuka 2 koloko masana pa 24. Mudzandidikire pa khomo lotulukira anthu. Pa khomo, achimwene.

Lumo

25 Ogasiti

Lumo,

Uli kuti?

Dzulo tinafika pa bwalo nthawi yabwino, ine ndi alamu ako. Ndege inatera. Tinawerenga anthu onse otuluka mpaka oyendetsa ndege, mpaka amayi okolopa. Iwe ayi. Ndinafunsa pa kauntala, anati sangandiuze za munthu wina.

Usakwiye, koma ndinabwereka njinga ija n'kupita ku khola. Ndinati mwina amalume ananena zoona ndipo bodza lathu lakupweteketsa. Ine ndi mwini khola tinafukula utuchi wonse ndi mafosholo. Dziwenso tinalipisa ndi nsungwi. Iye analira, akuti anali atagula kale masamba a tiyi.

Ndaimba foni ya pa sitolo ya pakona paja, ikungoitana. Mawa ndipita ku koleji ndikawapemphe adikire, koma sindikudziwa ndikawauza kuti uli kuti. Chonde yankha. Amayi ali bwino? Amalume?

Mchimwene wako

8 Seputembala

Achimwene,

Moni. Tonse tili moyo, lekani kufukula utuchi wa anthu. Kalata ya ku koleji yafika dzana. Malo anga apereka kwa wina. Akuti ndidzayesenso chaka chamawa ngati ndidzafune. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimadikira kuti dzanja lisiye kufuna kuboola pepala.

Mukufuna kudziwa, ndiye imvani, kamodzi.

Pa 24 paja amalume analawirira. Anauza amayi kuti tikawapeza ku bwalo. Ife tinafika 11 koloko, ine ndi sutikesi, amayi ndi ambulera yawo. Pa khomo palibe amalume. 12 koloko, palibe. Anthu a ndege yanga anayamba kufola. Cha m'ma 1 koloko ndinamva dzina langa pa zokuzira mawu, akuti ndipite ku ofesi ya apolisi a pa bwalo.

Kachipinda kake n'kakang'ono, fani ikuzungulira koma mphepo osamveka. Pa tebulo anayala zinthu ngati pa msika: tepi yanu ija, tizikhomo, hamala, kope lodzaza manambala, kalata yanu yonena kutalika kwa msewu wa ndege wa dziko lina, mapu anu aja a bokosi, muvi ndi X. Pambali pake pasipoti yanga. Pa benchi pakona panali amalume. Anawalanda lamba ndi zingwe za nsapato, anagwira buluku ndi dzanja limodzi. Galasi limodzi la magalasi awo linali litasweka, mawondo ali fumbi lokhalokha.

Theka la uko linali ndi mboni, achimwene. Theka la kuno linalibe. Anakwawa kunsi kwa mpanda wa waya kutangocha, n'kuyamba kuyeza msewu wa ndege, mamita makumi asanu, chikhomo, mamita makumi asanu, chikhomo. Anafika mamita 800. Ndege ina ya katundu inazungulira m'mwamba kawiri kudikira kuti mkulu wa jekete achoke pa msewu.

A Sajeni anali munthu wotopa, osati woipa. Anati, "Chemwali, bambo awa tawapeza akukhoma zikhomo pa msewu wa ndege, ali ndi mapu a bwalo la dziko lina, pali ndi X. Mukudziwa mmene zimenezi zikuonekera?"

Ndinati ndikudziwa.

"Ndiye pali njira ziwiri. Ngati pasipotiyi anaitenga inu osadziwa, ndipo mapepalawa simukuwadziwa, sainani apa, tengani, thamangani, anzanu akukwera. Iwowa apita ku likulu, ndipo milandu ya mtundu uwu sindinaonepo ikutha msanga. Koma ngati mukudziwapo kanthu, khalani pansi mufotokoze kuyambira pachiyambi. Ndikuchenjezeni, wotayipa wanga amatayipa ndi zala ziwiri."

Wotchi ya pakhoma inali pa 1:20. Cholembera anachiika m'dzanja langa.

Amalume sanandiyang'ane. Anayang'ana nsapato zawo zopanda zingwe n'kunena kuti, "Saina, mwana iwe. Ndinaitenga osakuuza. Bwana, mwanayu sakudziwa kanthu, ndinaba."

Achimwene, munthu amene anabweza ndalama ya chitsulo imene anatola pa msewu, kupita nayo ku polisi mpaka kuumirira risiti, ananama pamaso pa wapolisi. Ndipo amanama moipa kuposa inu. Makutu awo amachita kugwedera.

Miyezi itatu ndinali nditasunga mawu oti ndidzawauze tsiku limene pasipoti idzafike m'manja mwanga. Ndinali nditawasanja bwinobwino poyenda ndi miyala yawo m'mawa uliwonse. Pepala linali pamenepo, mzere wosainapo anali atandiikira kale chizindikiro.

Ndinakoka mpando n'kukhala pansi.

Ndinayambira pa magazini. Wotayipa anafunsa kalembedwe ka magazini. Nditafika pa nkhumba a Sajeni anati ndiime kaye, anakaitana anzawo awiri, ndibwerezenso. Nditafika pa ambulera sanakhulupirire, mpaka amayi analowa nayo n'kuitambasula mu ofesimo, inagunda fani. Kenako ndinafika pa atatu ndi theka. Ndinanena kuti nambala imeneyo ndinaipeka ndine, inu munangolemba, ndipo munthu wa tayi kulibe.

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya amalume. Anati, "Ndinadziwa. Atatu ndi theka, atatu ndi theka. Nambala yoona sikhala yosalala choncho."

Ndinati, "Ndiye mumakayezeranji?"

Ati, "Ndinati mwina wanama koma walondola. Ndikanapeza kuti ndi zoona, ndikanakupatsa pasipoti mtima uli m'malo."

"Mukanapeza kuti si zoona?"

Amalume anati, "Ndikanakupatsabe. Ndinali nditaganiza kale. Koma ndikanadziwa."

Tili pa tsamba lachinayi, denga linanjenjemera. Mawindo analira, mapepala pa tebulo anagwedezeka, wotayipa anaimika zala zake ziwiri zija. Tonse tinamvetsera ndege yanga ikudutsa pamwamba pa mitu yathu mpaka phokoso linazilala. Amayi anayamba kulira. Amalume anakweza mutu, anatsinzina diso la ku galasi losweka, anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Yanyamuka mochedwa ndi mphindi zisanu ndi zinayi," anatero.

A Sajeni anachita kundigwira mkono.

Anatitulutsa madzulo, titasaina masamba khumi ndi limodzi. Amalume anawachenjeza kuti akadzaonekanso pafupi ndi mpanda, ngakhale ndi rula ya mwana wa sukulu, adzagona m'chitokosi. Tepi anailanda. Ndege ina yopita kwanuko inali ya pa 28, koleji inali itatseka kale kaundula.

Pasipoti ili kwa ine tsopano, ndipo komwe ili sindiuza munthu. Ndabwerera ku ntchito yanga ya pa famase, kuwerenga mapilitsi. Fomu ya chaka chamawa munditengere, mutumize yokha mu envulopu, popanda chowerenga china chilichonse.

Amalume amabwera tsiku lililonse 4 koloko, amakhala pakhonde. Ndimawapatsa tiyi chifukwa amayi amandiyang'ana. Sindiwayankhula, iwonso sayankhula. Dzulo pochoka anaima pa khomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, kenako anati, "Chaka chili ndi masiku 365. Apita kale khumi ndi anayi." Ndinatseka chitseko.

Musandilembere kuti ndiwakhululukire. Amayi ayesa, abusa ayesa. Inunso mlandu wanu ulipo, wa magazini, sunathe. Ndipo musandifunse chifukwa chake sindinasaine. Sindikudziwa, ndipo ndikadzadziwa sindidzakuuzani.

Mupereke moni kwa alamu, makataniwo asawachotse. Mwini khola mumuuze amwe tiyi wakeyo.

Nkhani iyi ndainena yonse, ndipo yathera pa pepala lino. Sindidzainenanso, kaya kwa inu, kaya kwa wina aliyense.

Mchemwali wanu,
Lumo